Wosunga Majasi

Mu Disembala, mzinda wa Łódź umada folo koloko isanakwane.
Sitima za mumsewu zimaliza mabelu, n'kulavula anthu
pakhomo pa nyumba yathu ya zisudzo za zidole,
ndipo onse amayambira kwa ine:
amavula kuzizira n'kundipatsa,
ine n'kuwapatsa kachitsulo ka nambala.

Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndili kuseri kwa thabwa ili.
Jasi silinama.
Ili likununkha fodya ndi mankhwala a chifuwa,
ili ndi lobwereka, manja ake atalika,
ili m'thumba muli lalanje losenda theka.
Ana amabwera atakulungidwa ngati mazira a paulendo,
zipewa, masikafu, magolovesi omangidwa pa chingwe;
ukamaliza kumasula, mwana watsala ngati kachala.

Belu lachitatu likalira, amatseka chitseko.
Ndimatsala ndi anthu mazana atatu opanda mitu,
atapachikika m'mizere,
chipale chofewa chikusungunuka pamapewa pawo.

Sewerolo ndimalidziwa ndi makutu okha.
Ndimadziwa pamene bingu limagunda,
pamene ana amakuwa kuti, "Usatsegule!"
ndi pamene pamagwa bata lalitali
loti ungamve madzi akudontha pa jasi la nambala 40.
Chimene chimachitika mu batalo sindinafunsepo.

A Lucjan amabwera pa 27, chaka ndi chaka,
ndi majasi awiri, lawo ndi la a Bogna,
lobiriwira, batani limodzi losiyana ndi anzake.
Chaka chino anaika limodzi pathabwa.
Ndinasuzumira kumbuyo kwawo. Kunali mphepo yokha.
Pakamwa panga panadziwa kukhala chete,
koma dzanja langa lopusali
linali litatola kale manambala awiri.

"Matikiti tinagula mu Seputembala," anatero,
"iye akung'ung'udza za mtengo wake.
Mpando 12 uli m'mbali mwa kanjira.
Ankakonda kuwongola mwendo."

Ndinati ntchito. Ndinati abwana.
Kamila, mtsikana wong'amba matikiti,
anandimasula apuloni osapempha.

Ndinalowa chozemba ngati mbala
m'nyumba imene yandimeretsa imvi.

Bingu lija, kani ndi mnyamata wowonda
wogwedeza lata kuseri kwa nsalu; ndinaona chigongono chake.
Mfumu yoopsa ija, ya mawu ngati a mumgolo,
kutalika kwake sikupitirira botolo la mkaka.
Ndinatsala pang'ono kuseka.

Kenako bata lija linafika.
Kamsungwana kamtengo, kali kokha pa chipale cha mapepala,
kanakweza nyali pang'onopang'ono,
n'kuyang'ana mumdima mmene tinakhala ife
ngati pali wina amene kakumufuna.
Basi. Palibenso china.
Zingwe zinkaoneka, zonse zinayi,
koma panalibe ndi mmodzi yemwe wopuma.
Dzanja la a Lucjan linafufuza pa mpando 12,
linapeza langa, linazindikira kuti lalakwitsa,
koma silinachoke msanga.

Ndinatuluka anthu akadaomba m'manja
chifukwa majasi sadikira.
Kamila anali atasokoneza kale mzere wachiwiri.
Kamnyamata kena kankalirira golovesi;
tinaipeza itabisala m'dzanja la jasi lake lomwe.

A Lucjan anali otsiriza.
Ndinawagwirira jasi, iwo n'kulowetsa mikono chakumbuyo,
anagwedeza mutu, ulendo.
Panja, mumsewu wa Piotrkowska, nyali za Khirisimasi
zinkayakabe popanda woziyang'ana,
wogulitsa vinyo wotentha akutsanulira zotsala m'ngalande.

Mawa kuli masewero awiri, masana ndi madzulo.
Bata lija likadzagwa, ine ndidzakhala kuno
pakati pa mapewa onyowa,
ndikudziwa kuti kuseri kwa khoma nyali ikukwera.
Nambala yachiwiri ija ndayiwala kuibwezera pamalo pake.
Ikundizizira m'thumba.